Matenda a nkhawa pakati pa okalamba: zomwe banja liyenera kudziwa

M'midzi yathu ya ku Machinga ndi Balaka, agogo akayamba kudzipatula timangoti ndi ukalamba, ena mpaka kuwanena ufiti. Chonsecho nthawi zambiri amakhala akudwala matenda a nkhawa, omwe amachizika. Mu 2023, bungwe la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse a zaka 60 kupita mtsogolo ali ndi vuto lina la m'maganizo.

Zizindikiro

Tikhale tcheru ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo agogo akukhala okhumudwa, sakugona, akukana chakudya, asiya kupita kumzikiti kapena kucheza, kapena akunena kuti angotsala mtolo wolemetsa ana.

Thanzi la thupi

Nyamakazi, shuga, kuthamanga kwa magazi, ng'ala ndi kusamva bwino zimatsekera munthu m'nyumba. Bambo yemwe moyo wake wonse anali pa nyanja ya Chilwa kapena Malombe akalephera kupalasa bwato, amataya ntchito ndi anzake nthawi imodzi. Nkhawayo imachititsanso kuti asiye kumwa mankhwala, thupi n'kufookeratu.

Kakhalidwe ka tsiku ndi tsiku

Kuyenda pang'ono m'mawa, kudya pamodzi ndi banja, kupewa fodya komanso kukhala ndi kantchito ngati kusola mkeka zimathandiza. Tisawalande zochita zonse poganiza kuti tikuwalemekeza. Amene miyendo ikuwavuta tiziwaperekeza ku Jumu'ah kapena kukawachezera kunyumba.

Foni

Ana athu ambiri ali ku Joni, Blantyre ndi Lilongwe. Amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, koma makolo amafunanso kumva mawu awo. Foni ya mabatani akuluakulu, yotchajidwa ndi sola, imakwanira. Mdzukulu awaphunzitse kuyankha foniyo ndipo banja ligwirizane tsiku loimba sabata iliyonse. Tiwachenjezenso kuti asauze aliyense nambala yachinsinsi, chifukwa akuba a pafoni amakonda kupusitsa okalamba.

Kopeza thandizo

Tiyambe ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena chipatala chaching'ono. Zikavuta, pali chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde ndi cha Balaka, ndipo matenda akakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Dua ndi mankhwala sizitsutsana. Agogo akatchula zodzipha, tisawasiye okha, tipite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.