Mlandu wa Opium m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, 1840–1913

Pa bwalo la milandu la kumudzi, nduna ya mfumu ikalakwa imaimirira pamaso pa anthu niyankha, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Maiko amene ali ndi Nyumba ya Malamulo anaika mwambo wonga womwewo pakati pa aphungu ndi nduna za Boma. Aphungu akhoza kufunsa nduna mafunso, kuitanitsa makalata a Boma kuti awawerenge okha, ndi kuika mau odzudzula nduna kuti Nyumba yonse iwaponyere voti. Ndipo Boma likagonja pa nkhani yaikuru liyenera kutula pansi udindo kapena kubwerera kwa anthu kukapempha cisankho catsopano. Zida zimenezi zimamveka zakuthwa pozichula m'kalasi. Koma wofuna kudziwa kuthwa kwace kweni kweni ayenera kuziona pa nchito, ndipo palibe mlandu wozionetsa bwino koposa wa opium, umene unakhala m'Nyumba ya Malamulo ya ku London zaka zoposa 70.

Opium ndi utomoni wocokera ku cibalobalo ca duwa lochedwa poppy. Asing'anga anaugwiritsa nchito kuyambira kale poletsa ululu ndi kutsekula m'mimba. Koma munthu akazolowera kuusuta thupi lace limaulira tsiku ndi tsiku, amaonda, nchito imamkanika, ndipo cuma ca pa banja cimathera ku kaliwo. Mafumu a ku China analetsa kugulitsa opium wosuta m'caka ca 1729, nabwereza lamulolo kangapo pambuyo pace. Koma Angerezi anali ndi bvuto lao. Iwo anakonda tiyi wa ku China kwambiri, pamene anthu a ku China sanasowe katundu wambiri wa ku Britain, kotero kuti tiyi anagulidwa ndi siliva. Yankho linapezeka ku India. Kumeneko kampani ya East India Company, imene inali kulamulira dziko la Bengal, inadzisungira yokha mphamvu yogula opium kwa alimi; inamkonza ku Patna ndi ku madera a Benares, nimgulitsa pa malonda opikisana ku Calcutta. Kampaniyo siinanyamule opium kunka naye ku China m'zombo zace. Inasiyira amalonda apadera, monga William Jardine ndi James Matheson, amene anamlowetsa mozemba mogwirizana ndi amalonda ndi akapitao ena a ku China odya ziphuphu. Ca m'ma 1820 mabokosi olowa m'China pa caka anali pakati pa 4,000 ndi 5,000. Pofika 1839 anali pafupi 40,000, bokosi liri lonse lolemera monga makilogalamu 60.

Aphungu sanali mu mdima pa zimenezi. M'caka ca 1832 komiti ya aphungu yofufuza za India inaona nkhani ya opium, niweruza kuti sikunali kwanzeru kutaya gwero lalikuru lotere la ndarama za Boma. Ici ncofunika kucikumbukira, cifukwa aphungu amene anadzadzudzula nduna pambuyo pace anali a Nyumba imene inabvomereza kale malondawo ndi maso otsegula.

M'March 1839 nduna ya Mfumu ya China, Lin Zexu, inafika ku Canton, mzinda umene lero uchedwa Guangzhou, nitsekera amalonda acilendo m'nyumba zao mpaka atapereka opium yense. Charles Elliot, woyang'anira malonda a Britain kumeneko, anauza amalondawo kuti apereke katunduyo kudzera mwa iye, nawalonjeza kuti Boma la Britain lidzawalipira. Mabokosi oposa 20,000 anaperekedwa. M'June Lin anawaononga ku Humen, powasungunula m'maenje a madzi pamodzi ndi mcere ndi njereza, nawatsanulira m'nyanja. Lonjezo la Elliot linali la mapaundi pafupi 2,000,000, ndarama zimene Boma la Lord Melbourne linalibe, ndipo linadziwa kuti aphungu sakadalola kuzitenga pa msonkho wa anthu a ku Britain. Tsono pa 1 October 1839 nduna zinakumana ku Windsor nizipangana kutumiza zombo za nkhondo kuti China alipire. Nyumba ya Malamulo inali pa cuti nthawi imeneyo, ndipo mwambo wa ku Britain sunakakamize nduna kupempha cilolezo ca aphungu zisanayambe nkhondo. Lord Palmerston, nduna ya za maiko akunja, amene anali atakambirana ndi Jardine masiku ocepa m'mbuyomo, anatumiza malangizo ace mwakacetecete.

Aphungu atakumananso m'1840 anaumirira kuona makalata, ndipo m'March Boma linaika pa gome buku lalikuru la makalata a za China. Apa pali cinthu cimene wophunzira za boma sayenera kucidumpha: makalata amene aphungu amaweruza nao nduna amasankhidwa ndi kusanjidwa mu ofesi ya nduna yomweyo. Komanso kalata yocokera ku Canton inali kuyenda miyezi inai kapena isanu, kotero kuti aphungu anali kukangana za zinthu zakale, zombo ziri kusonkhana kale kum'mawa.

Pa 7 April 1840 Sir James Graham, wa cipani cotsutsa ca Tory cimene mtsogoleri wace anali Sir Robert Peel, anaimirira ndi mau odzudzula Boma. Mauwo ndiwo mtima wa mlandu wonse, ndipo ayenera kuwerengedwa mosamala. Sananene kuti kulima opium ku India kuleke. Sananene kuti zombo zibwerere. Ananena kuti mkangano ndi China unadza cifukwa nduna sizinaoneretu zam'tsogolo, ndiponso sizinapatse Elliot mphamvu ndi malangizo okwanira kuti athane ndi zoipa za malonda ozembetsa opium. Cifukwa ca kufatsa kotere sicibvuta kuciona. A Tory anayembekeza kulowa m'Boma posacedwa, ndipo ndarama za opium zikadzakhala zao zoyendetsera India. Anafuna kugwetsa nduna, koma osadula mtengo umene iwo eni anayembekeza kudzathyolako zipatso.

Thomas Macaulay, nduna ya za nkhondo, anayankha kuti Boma limene linalephera kuletsa ozembetsa fodya ndi kacasu pa magombe ace eni silikadatha kuletsa ozembetsa opium kutali cotere, ndipo anatembenuzira nkhani ku ulemu wa mbendera ya Britain ndi kunzunzika kwa Angerezi otsekeredwa ku Canton. Usiku waciwiri anaimirira mnyamata wa zaka 30, William Gladstone, amene mlongo wace Helen anali kudwala cizolowezi ca mankhwala a opium. Iye analankhula kupyola malire a mau a Graham: anati sanadziwe nkhondo ina yosalungama pa ciyambi cace yoposa imeneyi, kapena yodzacititsa dziko lace manyazi osatha, ndi kuti mbendera inakwezedwa kucinjiriza malonda onyansa. Koma mkamwa mwace munatuluka mau omveka ngati akulungamitsa anthu a ku China pothira ululu m'zitsime, ndipo adani ace anawatola msanga. Usiku wacitatu Palmerston anatseka mkangano. Anati kulonda magombe a China ndi nchito ya China. Anati cimene cinawawa akuru a ku China si thanzi la anthu koma siliva woturuka m'dziko. Nawerenga kalata ya amalonda a ku London yocirikiza Boma. Aphungu atawerengedwa, 271 anali ndi Boma, 262 ndi Graham. Boma linapulumuka ndi mavoti 9.

Wowerenga mkangano wa masiku atatuwo amadabwa ndi kucepa kwa mau onena za osuta eni ace. Kunalibe phungu wa ku Canton. Kunalibenso woimira mlimi wa ku Bengal amene analandira ngongole ya Boma kuti alime poppy m'munda wace. Akuru amati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, koma pa mlandu uwu odwala m'mimbawo anali kutsidya kwa nyanja, ndipo okhala pafupi ndi citseko anali amalonda a ku London, Liverpool ndi Manchester.

Peel analowa m'Boma m'1841, napitiriza nkhondo imene cipani cace cinadzudzula. Gladstone analandira udindo mu ofesi ya za malonda. Pangano la Nanking la mu August 1842 linapatsa Britain cisumbu ca Hong Kong, linatsegula madoko asanu, nilipiritsa China madola a siliva 21,000,000, mwa amene 6,000,000 anali olipira opium woonongedwa uja. Za kuletsa kapena kulola malondawo panganolo linakhala cete. M'April 1843 Lord Ashley anapempha Nyumba kuti itsutse malonda eni acewo, koma Peel anati zimenezo zikadasokoneza zokambirana ndi China, ndipo Ashley anabweza mau ace osaponyedwa voti.

Kamodzi aphungu anapambana. M'October 1856 akuru a ku Canton anagwira amalinyero a combo cochedwa Arrow, ndipo Sir John Bowring, Bwanamkubwa wa Hong Kong, analola kuti mzindawo uomberedwe ndi mizinga. Richard Cobden anaika mau odzudzula, ndipo m'March 1857 Nyumba inagwirizana naye, 263 kwa 247. Palmerston, amene tsopano anali Nduna Yaikuru, sanatule pansi udindo. Anaitanitsa cisankho, napambana ndi aphungu ambiri koposa kale, ndipo Cobden ndi mnzace John Bright anataya mipando yao. Nkhondo inapitirira, ndipo m'1858 China anabvomera kuti opium azilowa mwa lamulo polipira msonkho. Aphungu amafunsa nduna, koma nao amafunsidwa ndi oponya voti, ndipo oponya voti a caka cimeneco anasankha mbendera.

Kwao Angerezi anacita mosiyana. Lamulo la za ogulitsa mankhwala la 1868 linaika opium pa mndandanda wa ululu, wogulitsidwa ndi cizindikiro cocenjeza. Zaka zomwezo opium anali kupatsa Boma la India pafupi gawo limodzi mwa magawo 7 a ndarama zace zonse, ndipo ca m'ma 1880 mabokosi opita ku China anali pafupi kawiri a m'nthawi ya Lin.

Bungwe lolimbana ndi malondawa linakhazikitsidwa m'1874, locirikizidwa makamaka ndi a Quaker ndi amishoni obwera ku China, ndipo aphungu ace anabweretsa nkhaniyi m'Nyumba kawiri kawiri osatopa. M'April 1891 Sir Joseph Pease anapambana voti, 160 kwa 130, pa mau akuti njira yopezera ndarama za opium siinali yolungama. Koma nthawi ya tsikulo inatha mauwo asanakhazikitsidwe monga cigamulo ca Nyumba, ndipo Boma silinamangidwe nao. M'1893 nkhani inabweranso, ndipo Nduna Yaikuru yoyankha inali Gladstone yemwe uja, nkhalamba ya zaka 83. Iye sanafune kuboola thumba la India. Anapereka njira imene nduna zopanikizidwa zimaikonda kufikira lero, ndiyo komishoni yofufuza. Komishoniyo, ya anthu 9 motsogozedwa ndi Lord Brassey, inayendayenda m'India nimva mboni zoposa 700, zambiri mwa izo zobweretsedwa ndi Boma la India lomwelo; ku China siinapite. Nchito imene inapatsidwa inalunjika makamaka pa India, kumene ambiri anali kumeza opium pang'ono pang'ono monga mankhwala, osati kumsuta. Cotero lipoti la 1895 linapeza kuti kuipa kwace kunakuzidwa mopyola, ndi kuti panalibe cifukwa coletsera. Phungu mmodzi yekha, Henry Wilson, anakana kulembapo dzina lace, nalemba lipoti lace lotsutsa. Sikuti a komishoniyo ananama; anayankha funso limene anafunsidwa, ndipo amene anagwira colembera polemba funsolo anali nduna. Lipotilo linatseka pakamwa otsutsa kwa zaka khumi.

Cisankho ca 1906 cinabweretsa aphungu ambiri a cipani ca Liberal ocokera m'mipingo yodana ndi malondawa. Pa 30 May Theodore Taylor anaika mau opempha Boma kuti liwathetse msanga, ndipo John Morley, nduna ya za India, sanawakane: anati China akatsimikiza mtima kucepetsa opium, Boma lidzagwirizana naye ngakhale litataya ndarama. Nyumba inabvomera popanda kuwerenga mavoti. Ndi coona kuti khama la zaka 30 linabala cipatso tsiku limenelo, koma zinthu zina zinali zitasinthanso. China anali kulima yekha opium wocuruka kwambiri kuposa wocokera ku India, ndipo gawo la opium m'thumba la India linali litacepa. Cilungamo cinali citatsika mtengo. M'September caka comweco Boma la China linalamula kuti opium athe m'zaka khumi, ndipo m'1907 maiko awiriwo anapangana kuti India azicepetsa katunduyo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 caka ciri conse, China nayenso akumacepetsa minda yace. China anacita cangu kuposa m'mene ambiri ku London anayembekezera, ndipo m'May 1913 Edwin Montagu, waciwiri kwa nduna ya za India, anauza aphungu kuti India waleka kugulitsa opium wopita ku China.

Cilengezoco sicinakhudze Hong Kong. Kumeneko Boma la atsamunda linatenga malonda a opium m'manja mwace m'1914, ndipo kusuta sikunaletsedwe kotheratu kufikira nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha m'1945.