Mizere inabwera ndi chindapusa, msangu tinaupeza

Mwezi wa Okutobala ndinapita kwathu ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, kukathandiza amayi kusosa. Ndinapeza mlandu uli pamoto. Amalume amafuna kugwetsa msangu waukulu umene uli pakati pa munda, ati awotchere njerwa. Amayi atemetsa nkhwangwa pamwala.

"Mlongo, masiku ano chimanga ndi feteleza, osati mtengo," anatero amalume.

"Achimwene, nanga ngolo ziwiri zija chaka chatha zinachokera pati? Si pansi pa mtengo womwewu?"

Ine ndinangokhala chete, poti mlandu wa munda mwana wamwamuna salowerera msanga. Koma madzulo ndinauzungulira mundawo. Kumtunda dothi layera ngati ufa, ndipo ndi komwe kaufiti amachita maluwa chaka ndi chaka. Pansi pa msangu dothi ndi lakuda, lofewa. Mizere ndi yomweyo, khasu ndi lomwelo, mvula ndi yomweyo. Ndiye chinasiyanitsa n'chiyani?

Ambirife timayesa kuti mizere ndi ulimi wamakolo. Ayi ndithu. M'madera ambiri makolo athu ankalima matutu, ena ankangodzala pansi posaunda. Akatsegula mphanje ankatema tchire, kuliunjika, n'kuliwotcha. Phulusa lija linkapatsa mbewu potaziyamu ndi fosiforasi, komanso linkachepetsa asidi m'nthaka. M'munda umodzi munkakhala mapira, mawere, khobwe, nzama, mtedza ndi maungu; chimanga chinalipo koma sichinali mfumu ngati lero. Nthaka ikayamba kuguga ankaisiya tsala zaka zingapo, tchire n'kubwezeretsa chonde. Ulimi umenewu unkadalira chinthu chimodzi: malo ambiri, anthu ochepa.

Malowo ndi amene anayamba kuthina. Kummwera azungu anatenga malo aakulu n'kutsegula maesiteti, anthu ambiri anasamukira kuno kuchokera ku Mozambique, ndipo fodya ndi thonje zinkafunanso minda yawoyawo. Tsala anayamba kufupika. M'zaka za m'ma 1930, nkhani ya ku America, komwe mphepo inaulutsa dothi la m'minda ya tirigu mpaka kudetsa kumwamba, inaopsa akuluakulu a zaulimi m'mayiko onse olamulidwa ndi Britain. Ku Nyasaland nako anayamba kuona zigwembe paliponse. Mu 1946 anakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, ndipo itagwa njala ya 1949, boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linalimbitsa dzanja. Apa ndi pomwe panabadwira dzina lomwe agogo ankalitchula monyansidwa: malimidwe.

Malimidwe ankati unda mizere yopingasa chitunda, kumba migula, zula mapesi tsiku lakuti lisanafike, dzala tsiku lakuti lisanapitirire. Ukalephera, chindapusa kapena ndende. Agogo anga aakazi ankasimba kuti kapitawo wina anafika m'munda mwathu momwemu, n'kufafaniza matutu awo ndi phazi, agogo aamuna n'kukagulitsa mbuzi kuti alipire mlandu. Chomwe chinkawawawa kwambiri si mbuziyo ayi. Ankati, "Mwana wadzulodzulo kundiphunzitsa ine khasu?" Ndipo kumbukirani kuti amuna ambiri nthawi imeneyo anali ku Joni ndi ku Halale, migula ankakumba ndi amayi, dzuwa la Okutobala lili pamutu, nthaka ili gwa!

Ku Chigwa cha Shire anthu anakaniratu. Kumeneko n'kwa chidikha, kotentha, mvula yochepa, ndipo alimi ankati mizere ikuumitsa dothi msanga. Mkanganowo unatchedwa nkhondo ya mitumbira, ndipo ngakhale a ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, anaima mbali ya alimi. Chipani cha Nyasaland African Congress chinapeza anthu akumidzi atakwiya kale. Pomwe Dr Kamuzu Banda ankafika pa 6 Julaye 1958, kwa mlimi wamba mawu oti ufulu ankatanthauzanso kuti kapitawo achoke m'munda mwanga.

Chodabwitsa n'chakuti atsamunda atapita, mizere inatsala. Kamuzu yemweyo anasanduka Mchikumbe Nambala Wani, n'kumayendera mbewu chaka chilichonse, kulalikira kuti chuma chili m'nthaka. Zomwe anthu anakana ndi chikwapu anazilandira kwa alangizi, mpaka ife obadwa pambuyo tinayesa ndi mwambo.

Sindikunena kuti mizere ndi yoipa. Pamalo otsetsereka mzere wopingasa bwino umagwira madzi ndi dothi, makamaka ukaikamo ngonyeka. Koma mzere umaletsa dothi kuthawa, sulidyetsa. Atsamunda analimbana kwambiri ndi kukokoloka, komwe kumaoneka ndi maso, pomwe njala ya nthaka yeniyeniyo inkalowa mwakachetechete. Chimanga chimadya nayitirojeni wambiri. Ukachidzala pamalo amodzi zaka makumi, mapesi n'kumawotcha, nayitirojeni wa m'mapesiwo amapita ndi utsi. Zowolerana zikatha, dothi lamchenga silisunga madzi. Ng'amba ya masabata awiri mu Januwale, chimanga chapota masamba. Komanso khasu likamagunda pa msinkhu umodzimodzi chaka ndi chaka, pansi pa mizere pamauma chikhakha chomwe mizu imalephera kuboola. Kaufiti naye amakonda pomwe paguga: njere zake zimagona m'nthaka zaka zoposa khumi, ndipo zimadzuka zikamva timadzi totuluka ku mizu ya chimanga, tomwe chimanga chanjala chimatulutsa tochuluka.

Dzenje limeneli tinalikwirira ndi thumba. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, feteleza ndi ngongole za m'makalabu zinafika m'midzi yambiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 sabuside inachotsedwa, mitengo n'kukwera. Mu 1998 kunabwera sitata paki, mu 2005 makuponi a nthawi ya Bingu wa Mutharika, mu 2020 AIP. Pakali pano ndale zathu zimayezedwa ndi thumba la makilogalamu 50. Zobwerera ku tsala n'zosatheka: kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Ugoneka munda uti, udya chiyani? Apa amalume sakunama, feteleza ndi wofunika. Koma feteleza wothira pa dothi lopanda zowolerana ali ngati madzi otungira m'dengu. Mvula ikachuluka amatsukika, ikachepa amawotcha mbewu.

Tsono msangu uja. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe losemphana ndi anzake: mvula ikayamba umayoyola masamba, chilimwe ndiye umabiriwira. Choncho sutchinga dzuwa pomwe chimanga chikukula, ndipo masamba ake amagwa nthawi yomwe mbewu ikufuna chakudya. Ndi wa banja limodzi ndi nyemba. Ku mizu yake kumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakoka nayitirojeni mumpweya. Chinsinsi cha mbewu za mtundu wa nyemba chimenechi akatswiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anachitulukira m'zaka za m'ma 1880. Agogo sankadziwa mayina amenewa, koma potema mphanje msangu ankaulambalala, ndipo nandolo ndi khobwe sizinkasowa m'chimanga. Kapitawo uja anafafaniza matutu, mtengowo sanaukhudze. Pa zonse za ulimi wakale m'munda mwathu, chatsala ndi chomwechi.

Mmawa mwake ndinawafotokozera amalume zonsezi, mwaulemu wake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mphwanga, sukulu yako ndaimva. Nanga njerwa zanga ndiwotchera mabuku?" Tinaseka tonse. Tinagwirizana kuti ndiwathandiza ndalama ya nkhuni zogula, ngakhale mumtima ndikudziwa kuti nkhunizo ndi mtengo wa m'munda mwa munthu winanso.

Ndisananyamuke, amayi ananditengera kumtunda kuja kwa kaufiti. Mbuzi zimadya zipatso za msangu n'kumwaza njere, ndiye tinapeza timisangu tisanu ndi tiwiri tangomera, taminga, tosafika m'bondo. Tinazika chikhomo pambali pa kalikonse kuti aganyu asadzatiphe ndi khasu pounda mizere. Amayi akuti phindu lake lidzayamba kuoneka iwo atakalamba kwambiri, mwinanso atapita. Dzina lawo pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo chaka chino silinatuluke. Nandolo wa mbewu ndawatumizira sabata yatha.