Terelini wa agogo

Buluku lija ndinaliwotcha ndine, ndivomere lero. Agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku Joni, komwe anapita pa Wenela chisanafike chaka cha 1974, pomwe ndege yonyamula anzawo a m'migodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kutseka ulendowo. Ankalitcha "terelini wanga", ndipo linkatuluka m'sutikesi pa Khirisimasi ndi paukwati basi. Tsiku lina kwathu ku Nathenje, ndili kamnyamata, ndinati ndiwasitire. Ndinadzaza makala m'nsimbi, ndikupemerera mpaka psuu! Nsaluyo siinapse ngati ya thonje ayi. Inakhwinyata, kusungunuka, n'kukakamira kunsimbi ngati phula. Agogo anangoti, "Mdzukulu, wandivula."

Ndinadzamvetsa nditakula kuti chomwe ndinasita tsikulo chinali pulasitiki. Terelini ndi dzina lamalonda la poliyesitala, ulusi wosalimidwa m'munda. Anaupanga mu 1941 ndi John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson, a kampani ya ku Manchester ya Calico Printers' Association, pophatikiza mankhwala awiri, ethylene glycol ndi terephthalic acid, omwe gwero lake ndi mafuta apansi panthaka. Phala lotenthalo amalifinyira m'timabowo tating'onoting'ono, likazizira n'kulikoka, ndiye ulusiwo. Botolo la madzi lomwe mwataya dzulo lija ndi mbale wake bere limodzi.

Tsono ulusi umenewu sumwa madzi. N'chifukwa chake ukachapa mmawa, dzuwa lisanafike paliwombo chauma. Makwinya suchita, njenjete siziudya. Kwa munthu wa malaya amodzi, chimenechi chinali chuma. Koma ulemerero wake uli pomwepo, tsoka lakenso pomwepo: thukuta la mu Okutobala umalisiya pathupi, ndipo moto ukafika madigiri pafupifupi 260 umasungunuka, n'kumatirira pakhungu.

Masiku amenewo nsalu wamba inali ya thonje. David Whitehead and Sons ku Blantyre, kuyambira cha m'ma 1967, inkaluka thonje lathu lomwe, la alimi a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima. Misika itatseguka m'zaka za matipate, mabelo a kaunjika anasefukira, fakitale ija inafooka, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto.

Pitani pamsika wa Mitundu muone. Terelini yemwe agogo anamuvutikira pansi pa mgodi ali mbwee pansi pathumba, majezi a mpira, madiresi, mabulangete, mtengo wake wosafika wa nkhuku. Ngakhale zitenje zambiri zowalazi thonje mulibe. Mayi wina wosoka pakhonde anandionetsa mayeso ake: amasolola kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala, n'kusiya phulusa. Poliyesitala amasiya kampira kolimba, kakuda.

"Achimwene," anatero mayiyo, "mwana wovala izi musamamusiye yekha pambaula m'mwezi wa Juni."

Chaka chatha tikuunga mizere kuseri kwa nyumba ya agogo, khasu linafukula chisanza chotuwa, chokhala ndi bowo looneka ngati nsimbi. Mwini wake tinaika kalekale. Zipi anadyeka ndi dzimbiri, koma nsaluyo chiswe sichinaikhudze n'komwe.