Kutumiza nkhani za matenda pa lamya ndi kompyuta m'madera a kufupi ndi Lukusuzi

Lukusuzi ndi malo osungirako nyama zakuthengo a m'cigawo ca kum'mawa m'dziko la Zambia, pa zitunda za kum'mawa kwa cigwa ca Luangwa. Malowa ndi aakulu masikweya kilomita 2,720 ndipo anakhala paki ya dziko m'caka ca 1972. Kale dera lonseli linali m'boma la Lundazi, koma mu 2018 bomalo linagawidwa patatu kukhala Lundazi, Lumezi ndi Chasefu.

Midzi yambiri yozungulira Lukusuzi ili patali ndi zipatala zazikulu, ndipo nthawi ya dzinja misewu ina imaduka. Anthu akumeneko amakhala moyandikana ndi nyama zakuthengo, komanso kum'mawa kwao kuli malire a dziko la Malawi. M'dera lotere, mliri ukabuka, kuculuka kwa anthu odwala ndi omwalira kumadalira kwambiri pa nthawi imene uthenga wa odwala oyamba watenga kuti ufike kwa akuluakulu a zaumoyo. Ici ndico cifukwa cace Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa nchito lamya za m'manja, makompyuta ndi intaneti potumiza ziwerengero za matenda.

Mmene uthenga umayendera

Dongosolo limene dziko la Zambia limatsata poyang'anira matenda limachedwa IDSR. Linakonzedwa mu 1998 ndi nthambi ya mu Africa ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Malinga ndi dongosololi, cipatala ciliconse, ngakhale cacing'ono ca kumudzi, ciyenera kupereka lipoti ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Kucokera pa boma lipotilo limapita ku cigawo, kumene kwa anthu a ku Lukusuzi ndi ku Chipata, ndipo pomaliza limafika ku Lusaka.

Matenda ena ayenera kunenedwa nthawi yomweyo, pasanathe maola 24, ngakhale wodwala akhale mmodzi yekha ndiponso asanapimidwe ku labotale. Ena mwa matendawa ndi kolera, cikuku, anthrax, ndi kulefuka miyendo mwadzidzidzi kwa mwana, kumene kungakhale cizindikiro ca poliyo. Ziwerengero zina zimatumizidwa mlungu uliwonse kapena mwezi uliwonse. Cipatala cimene sicinalandire wodwala wotere ciyenera kutumizabe lipoti lonena kuti palibe, cifukwa cikakhala cete a pa boma sangadziwe ngati kuli bwino kapena ngati uthenga walephera kufika.

Kale malipoti onsewa anali kulembedwa pa mapepala ndi kutengedwa pa njinga, pa njinga yamoto kapena pa galimoto. Masiku ano ziwerengero zimalowetsedwa m'dongosolo la pa kompyuta lochedwa DHIS2, limene linapangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo limagwiritsidwa nchito m'maiko ambiri a mu Africa. Zikalowa m'menemo, wa pa boma, wa ku cigawo ndi wa ku Lusaka amaziona pa nthawi imodzi. Pamene palibe netiweki, ziwerengero zingathe kusungidwa mu lamya mpaka munthu atafika pamalo pamene netiweki ikugwira.

Bungwe limene limalandira ndi kusanthula nkhani za miliri ndi Zambia National Public Health Institute, mwacidule ZNPHI. Linayamba mu 2015 ndipo linapatsidwa mphamvu ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 2020. Malamulo a zaumoyo a pa dziko lonse a mu 2005 amafuna kuti dziko lidziwitse bungwe la WHO pasanathe maola 24 likaona kuti mliri ungathe kufalikira ku maiko ena.

Njira zina zimene dziko lagwiritsa nchito

SmartCare ndi dongosolo losunga mbiri ya wodwala pa kompyuta. Linayamba m'zaka za m'ma 2000 pothandiza anthu olandira mankhwala a kacilombo ka HIV, ndipo linakonzedwa ndi Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la CDC la ku America. Wodwala anali kupatsidwa khadi losunga mbiri yace, kotero kuti akapita ku cipatala cina a kumeneko ankadziwa mankhwala amene anali kumwa.

Mu 2010 kunayamba pulogalamu yochedwa Mwana, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF. Zotsatira za magazi a makanda opimidwa HIV zinayamba kutumizidwa kucokera ku labotale kupita ku zipatala za kumidzi ndi uthenga wa pa lamya, m'malo modikira pepala limene linali kucedwa panjira. Pa nkhani ya malungo, anchito a zaumoyo a m'zipatala ndi a m'midzi m'madera ambiri amatumiza pa lamya ciwerengero ca anthu amene awapima ndi amene awapeza ndi matendawa.

Zimene zinacitika ku Chama

Citsanzo ca pafupi ndi Lukusuzi ndi ca m'boma la Chama, m'cigwa comweco ca Luangwa. M'caka ca 2011 mvuu 85 zinafa kumeneko, ndipo anthu ena anasenda nyamazo ndi kuzidya. Anthu 511 anadwala anthrax ndipo asanu anamwalira. Ofufuza atafunsa anthu a m'deralo, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ananena kuti angadyenso mvuu yopezeka yakufa cifukwa ca njala ndi kusowa kwa ndiwo.

Mliriwu unaonetsa kuti cizindikiro coyamba sicionekera ku cipatala nthawi zonse. Nyama ndizo zimayamba kufa, anthu n'kudwala pambuyo pace. Amene amaona mitembo ya nyama poyamba ndi asodzi, alimi ndi oyang'anira nyama zakuthengo. Uthenga wao ukafika msanga kwa madokotala a ziweto ndi kwa a zaumoyo, anthu amacenjezedwa nyama isanagawidwe m'midzi, ndipo zipatala zimakonzeratu mankhwala. Anthrax ya pakhungu imacira bwino munthu akalandira mankhwala msanga.

Matendawa anabukanso mwamphamvu mu 2023. Bungwe la WHO linalengeza kuti pofika pa 20 November caka cimeneco, anthu 684 anali kuganiziridwa kuti adwala anthrax m'maboma 44 mwa maboma 116 a m'dziko la Zambia, ndipo anayi anali atamwalira. Ciwerengero cotere cimapezeka pokhapokha malipoti a zipatala za m'maboma onse akasonkhanitsidwa pamalo amodzi.

Matenda ndi malire

Anthu a ku Lundazi ndi a ku Mzimba ndi Kasungu m'dziko la Malawi ndi apacibale. Amayenderana pa maliro, pa maukwati ndi pa malonda, ena kudzera pa cipata ca Lusuntha, ena m'tinjira ta kumidzi. Matenda nawo amayenda m'njira zomwezo.

M'mwezi wa February 2022, dziko la Malawi linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo mu May caka comweco matendawa anapezekanso ku Tete m'dziko la Mozambique. Popeza nkhaniyi inagawidwa ndi maiko oyandikana, dziko la Zambia linacititsa katemera wa ana ang'onoang'ono mogwirizana ndi anansi acewo. Mu January 2023, pamene kolera inali itavuta ku Malawi, odwala anapezeka m'boma la Vubwi m'cigawo ca kum'mawa. Mu October caka comweco mliri wina wa kolera unayamba ku Lusaka ndi kufalikira m'zigawo zonse khumi. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Pa nthawiyo ziwerengero za tsiku ndi tsiku ndizo zinali kusonyeza kumene kuyenera kutumizidwa katemera, mankhwala a m'madzi akumwa ndi anchito a zaumoyo.

Zovuta zimene zilipo

M'madera a kutali ngati a kufupi ndi Lukusuzi, netiweki siipezeka paliponse, ndipo zipatala zina zimadalira magetsi a dzuwa. Pa cipatala cacing'ono, munthu amene akuona odwala nthawi zambiri ndiye ayeneranso kulemba m'mabuku ndi kutumiza lipoti. Ciwerengero cikalembedwa molakwika, kompyuta imacifalitsa colakwika comweco. Ndiponso lipoti silithandiza ngati olilandira sacitapo kanthu.

Pofuna kuyesa ngati dongosolo likugwira nchito, maiko ambiri a mu Africa amatsata muyeso wochedwa 7-1-7. Muyesowu umati mliri uzindikirike pasanathe masiku 7, akuluakulu a zaumoyo adziwitsidwe pasanathe tsiku limodzi, ndipo nchito zoyamba zouletsa zicitike pasanathe masiku ena 7.

Cinsinsi ca wodwala

Anthu ena amaopa kuti matenda ao akalowa m'kompyuta adzadziwika kwa aliyense. Lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la mu 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la nkhani zofunika kusungidwa mosamala kwambiri. Malipoti a mlungu ndi mlungu amanyamula ziwerengero zokha, osati maina. Dzina ndi mudzi wa wodwala zimalembedwa pa matenda ofunika kulondolozedwa, monga kolera ndi poliyo, kuti anchito a zaumoyo apeze ena amene anakhala naye pafupi.

Mbali ya anthu a m'midzi

Makina onsewa amatumiza zokhazo zimene munthu wanena. Anyakwawa, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi anchito a zaumoyo a m'midzi ndiwo amayamba kumva kuti anthu angapo atsegula m'mimba tsiku limodzi, kuti mwana walefuka miyendo, kapena kuti ng'ombe kapena mvuu zafa popanda cifukwa codziwika. Nkhani zotere ziyenera kunenedwa tsiku lomwelo ku cipatala ca pafupi, kwa dokotala wa ziweto kapena kwa oyang'anira nyama zakuthengo. Nyama yopezeka yakufa isasendedwe kapena kudyedwa, ndipo wodwala apititsidwe ku cipatala popanda kudikira kuti ena adwalenso.