Sophiatown, Mudzi Wotchedwa Dzina la Mkazi wa Mwini Malo

Ukachoka pakati pa mzinda wa Johannesburg ku South Africa n'kulowera chakumadzulo, sutenga nthawi kuti ufike ku Sophiatown. Lero ndi dera lachete, la nyumba zing'onozing'ono za m'mipanda, moti mlendo akhoza kungodutsa osadziwa kuti akuponda pamalo pomwe padagwa misozi yambiri. Koma ayambe wawerenga zikwangwani za misewu: Edith, Gerty, Bertha, Toby, Sol. Onsewa ndi mayina a ana a bambo mmodzi.

Bamboyo anali Herman Tobiansky, wogula ndi kugulitsa malo. Mu 1897 adagula maekala 237 pa famu yotchedwa Waterval, panthawi imene Johannesburg anali mzinda wakhanda wokula ndi migodi ya golide. Adadula mapuloti, mudzi wonsewo n'kuutcha dzina la mkazi wake, Sophia, ndipo misewu adaitcha mayina a ana ake. Iye ankayembekezera kuti ogula adzakhala azungu.

Zidamusokoneza ndi zonyansa za m'zimbudzi. Khonsolo ya mzinda idaika malo otayirako zonyansazo pafupi ndi mudziwo, azungu n'kuyamba kuunyalanyaza. Tobiansky, pofuna kuti ndalama zake zisalowe m'madzi, adayamba kugulitsa mapulotiwo kwa aliyense wobwera ndi ndalama: anthu akuda, Amwenye, Matchaina ndi makaladi. Motero Sophiatown adakhala amodzi mwa malo ochepa kwambiri m'tauni kumene munthu wakuda ankatha kukhala ndi puloti yakeyake, chikalata cha umwini chili m'manja.

Apa m'pamene dzinali lidachoka m'banja la Tobiansky n'kukhala la anthu. Ena ankangoti Sof'town, ena Kofifi. Tisabise, moyo wake sunali wofewa: mabanja angapo ankathithikana kuseri kwa nyumba imodzi, kulimbirana mpopi umodzi, ndipo magulu a zigawenga ankavutitsa anthu usiku. Komabe m'misewu yomweyo mudakulira nyimbo za jazi ndi olemba a magazini ya Drum, monga Can Themba ndi Bloke Modisane. Dr A. B. Xuma, amene adatsogolera chipani cha ANC kuyambira mu 1940 mpaka 1949, ankakhala mumsewu wa Toby. Ku tchalitchi cha Anglican cha Christ the King kunkatumikira Bambo Trevor Huddleston, wansembe amene adapezera woimba wotchuka Hugh Masekela lipenga lake loyamba.

Mzinda utakula, madera a azungu adazinga Sophiatown, ndipo boma la tsankho lidaona mudziwu ngati chitsotso m'diso. Mu 1954 lidakhazikitsa lamulo losamutsa anthu, ndipo pa 9 February 1955 m'mamawa apolisi pafupifupi 2,000 adafika ndi mfuti ndi malole. Adakweza mabanja ndi katundu wawo n'kukawatula ku Meadowlands, ku Soweto. Ntchito yogwetsa nyumba idatenga zaka zingapo. Anthu amene adakhala khomo ndi khomo adabalalitsidwa potsata mtundu ndi khungu.

Pabwinjapo boma lidamangapo nyumba za azungu ogwira ntchito wamba, n'kupatsa malowo dzina latsopano la Chiafirikanzi: Triomf, kutanthauza chigonjetso. Kwa ine dzina limeneli ndi lowawa kuposa magalimoto ogumula nyumba aja. Kulanda munthu nyumba ndi nkhanza kale, koma kulemba pachikwangwani kuti wapambana, pomwe mwini wake akadali moyo ndipo akuona, ndi chipongwe chochita kukonzekera.

Zomwe zidapulumuka n'zowerengeka: tchalitchi cha Christ the King mumsewu wa Ray, chimene chili ndi phulusa la Bambo Huddleston, nyumba ya Dr Xuma, imene tsopano alendo amalowamo kukaphunzira mbiri ya mudziwu, ndi nyumba yosungira ana amasiye ya St Joseph's. Wokacheza kumeneko ayende wapansi, chifukwa pagalimoto malowa satha mphindi zambiri.

Dzina lakuti Sophiatown lidabwezeretsedwa mwalamulo mu February 2006, patatha zaka 51 chichokereni malole oyamba aja. Ambiri mwa eni mapuloti anali atamwalira kale, ndipo ana ndi zidzukulu zawo adakhazikika ku Meadowlands ndi madera ena a Soweto.