Ndege za ana a ku Mzimba

Nkhani za ndege zinafika m'midzi ya kumwera kwa Mzimba ndi anthu a Wenela. Amuna a ku Embangweni, Champhira ndi Luwerezi ankawakweza ndege mpaka ku Francistown, kumeneko n'kukwera sitima ya ku migodi ya ku Joni. Pobwera ankasimba za makutu otsekeka ndi mitambo yooneka kunsi kwa mapazi. Ife ana tinkamvetsera kukamwa kuli yasa, m'mawa mwake n'kuyamba kusaka mawaya.

Ndege ya mawaya sinkalira ndalama, kupatula chikwapu akakupeza ukudula mpanda wa eni. Matayala tinkasema ku patapata wakutha, zomangira zinali mphira za chubu cha njinga. Kuuluka sinkauluka ayi. Unkaikankha ndi ndodo, kulira kwa injini n'kumatulutsa pakamwa. Ikathyoka, makaniko unali iwe mwini.

Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi 74 n'kufera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi. Unayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, n'kudzatheratu mu 1988 pa mkangano woyeza edzi. Koma wa ku Mzimba sungamuletse Joni. Chitatha chaka cha 1994 anyamata anakhamukira konko pabasi, aliyense payekha, ndipo matransipota anayamba kutsitsa katundu pa Jenda ndi pa boma: mabulangete, masofa, masola, pamwamba pake kabokosi ka mwana.

M'kabokosimo lero mumatuluka ndege ya limoti, yogulidwa m'misika ya Matchaina ku Johannesburg. Iyi imaulukadi. Yotchipa kwambiri ilibe chiwongolero kumchira. Ili ndi timainjini tiwiri, kamodzi kakathamanga kuposa kanzake ndiye kukhota kwake. M'nyumba kapena m'mawa kuli bata zimatheka. Ikakumana ndi mwera wa mu June, imapita kumene mphepo yafuna, kawirikawiri mumtengo wa mango. Batire imatha m'mphindi zochepa, ndipo ngati anaimatirira m'kati, ikafa ndiye kuti ndege yonse yafa. Ya mdzukulu wanga inathyoka chopukusa mphepo Khirisimasi isanathe. Tinazungulira magolosale a pa boma, china osachipeza. Anzake anachotsamo timainjinito n'kukamangirira pa galimoto ya zigubu, yomwe ikuyendabe.

Mwana wanga akaimba pa WhatsApp kuchokera ku Joni kufunsa yoti agule, sindimufunsa za liwiro kapena kuwala kwa utoto. Ndimati: “Iwe, tsegula bokosilo. Batire imachoka? Zopukusa zapadera aikamo zingati? Phiko ukalipinda limabwerera, kapena limangoti thyo?” Yoyankha bwino mafunso atatuwa imadula kwambiri, ndipo iye amatchetcha kapinga m'mayadi a eni, lendi ikumudikira, feteleza wa amayi ake asanatumize. Chaka chino wagulanso yotchipa, ndipo ine sindinamudzudzule.