Chi-square: mawu a m'kafukufuku wa mano

Mchewa akaona mawu akuti chi-square m'lipoti la kafukufuku wa mano, amawawerenga ngati chi wa m'mawu akuti chingwe. Koma chi ameneyu ndi chilembo cha Chigiriki, χ, ndipo akatswiri amachitchula kuti "kai". Square ndiye kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe.

Njira yowerengera ya chi-square anaiyambitsa Karl Pearson ku London mu 1900. Imagwira ntchito pa zinthu zimene sitiziyeza pa sikelo koma timaziika m'magulu n'kuziwerenga: mwana ali ndi dzino lobowoka kapena alibe, amatsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride kapena ayi. Wofufuza amayamba waganiza kuti ziwirizi sizikukhudzana, n'kuwerengera ana amene akanagwera m'gulu lililonse zikanakhaladi choncho. Kenako amatenga kusiyana kwa nambala imene wapeza ndi imene amayembekezera, n'kukuchulukitsa ndi iko komwe, n'kugawa ndi yoyembekezeredwayo. Akaphatikiza za magulu onse, chi-square ndi ameneyo. Chi-square akakula mpaka p (mpata woti kusiyana kotere kuoneke ziwirizi zisakukhudzana) kutsika pansi pa 0.05, ofufuza ambiri amakana zoti kusiyanako kwangochitika mwamwayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ena amatenga zotsatirazi ngati umboni wakuti fluoride ndiye wateteza manowo. Chi-square sanena chimene chachititsa. Mwina ana otsukawo ndi omwenso amadya shuga wochepa. Ndipo ana akachepa, moti gulu lina likuyembekezeka kukhala ndi osakwana 5, ndi bwino kugwiritsa ntchito njira ina, ya katswiri Ronald Fisher.